Ndinasankha Mitengo Osafunsa Eni Ake

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, abale ndi alongo. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, inu amene mwachokera ku Nsadzo, inu a ku Chifunde, ndi inu eni mudzi a kuno ku Mualadzi, moni nonse. Mwadzuka bwanji? Ine ndadzuka. Ndipo ndikati ndadzuka, sikuti ndikungoyankha moni ayi. Ndadzukadi. Aleluya!

Dzina langa ndine Felizarda. Ku Tete ankanditchula Dona Feliza. Kuno amangoti Nabanda, ndipo ndi limene ndimalikonda masiku ano. Mundilole ndiyankhule chotsamira benchi ili. Mwendo uwu uli ndi nkhani yake, muimva pompano.

Ine ndinabadwira cha ku Nsadzo. Nkhondo itafika tinathawira ku Zambia ndili mtsikana, ndipo ndinakwatiwira komweko. Mtendere utabwera tinabwerera, koma mudzi wathu sitinaupeze. Abale anali atamwazikana. Amuna anga anati tiyeni ku sidade, ku Tete, tikayesere kumeneko. Tinapita. Kumeneko ndinakhala pa makina osokera, ndipo sindinadzukeponso.

Abale anga, ndinakhala! Kachipinda ka malata, zenera limodzi. Amene munafikako ku Tete kutentha kwake mukukudziwa. Umasamba, usanavale n'komwe thukuta layambiranso. Ine m'menemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kusoka mayunifolomu, kusoka madiresi a ukwati, kupinda makapulana, zitenje zija. Ana anakula ndi makina amenewo. Amuna anga anamwalira, ine ndili pa makina pomwepo. Thupi linalemera. Miyendo inayamba kutupa. Mutu unkangoti waa, waa, ngati muli njuchi.

Tsiku lina ndinagwa, diresi la mwini lili m'manja. Ndinatsitsimukira kuchipatala. Anati ndili ndi tensau, magazi akuthamanga kwambiri, ndiponso shuga. Namwino wina, mayi wabwino, anandigwira phewa n'kunena kuti, "Mama, mapiritsi ndikupatsani, koma mankhwala enieni ali m'miyendo yanuyi. Muziyenda. M'mawa uliwonse muziyenda, muziponya mikono chonchi, muzipuma mpweya wabwino. Mukabwerera m'kachipinda kaja kukangokhala, ulendo wina simudzatipeza."

Ndinayesa kuyenda m'bayiro mwathu, dera la m'tauni limene tinkakhala. Fumbi! Mota uku, njinga zamoto zija, galimoto uku, dzuwa litangotuluka layamba kale kuluma. Ndinkabwerera ndili wefuwefu, woipirapo kuposa mmene ndinachokera. Ndiye ndinati ayi. Masiku amene Mulungu wandisiyira sindiwathera m'ng'anjo muno. Ndikufuna malo oti ndiziyenda pansi pa mitengo, ndizimva mbalame, ndizikhala panja ngati munthu.

Mwana wanga woyamba wamwamuna, Armando, amene amagwira ntchito komweko ku Tete, anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Anati, "Mama, anthu akuthawa kumudzi kubwera kuno, inu mukufuna kuthawa kuno kupita kutchire? Kwa ndani?"

Ndinati, "Kwa Mulungu. Dziko lonse ndi lake."

Mwamva yankho limenelo? Lokoma m'khutu, eti? M'kati mwake munali matama okhaokha.

Ndinakwera shapa, minibasi ija, kukafuna malo. Ndinayamba ku Chifunde. Inu a ku Chifunde musakwiye, kwanu n'kwabwino. Chipatala chili pafupi, msika ulipo. Armando ankafuna kumeneko. Koma nyumba imene anandisonyeza inayang'anizana ndi pomwe anyamata a mota amaimika, ndipo kutentha kwake ndinati uyu ndi mng'ono wake wa Tete. Ndinapitirira. Ndinafika ku Nsadzo, kwathu kobadwira. Ndinagonako masiku awiri. Mtima unakana. Njira iliyonse inkandikumbutsa tsiku limene tinkathawa, katundu kumutu, osayang'ana m'mbuyo. Ndinati kuno ndiziyenda ndikulira, tensau sitsika.

Kenaka ndinafika kuno ku Mualadzi. Nditangotsika, kamphepo kanandiwomba kumaso. Ndinafunda kapulana masana, ine, munthu amene ndinali nditaiwala kuti kuzizira n'chiyani. Ndinati Ambuye, ndi kuno.

Ndinkafuna mthunzi. Ndinkafuna madzi oyenda. Ndinkafuna njira yopanda mota, ndiponso pamalo pa zii. Zimenezo ndi zomwe ndinkayang'ana, basi. Ndinafika pamudzi umene ndikukhala lerowu. Nyumba zonse zili m'mbali mwa msewu, pambalambanda, mitengo inatha ndi minda. Koma kutsidya kwa dambo ndinaona msitu. Mitengo italiitali, mikuyu, misuku, yobiriwira, itaima payokha, kamtsinje kakudutsa m'munsi mwake. Ndinati m'mtima, anthu awa bwanji? Akupsa ndi dzuwa kumsewu, malo okoma chonchi ali apa!

Abale ndi alongo, ine ndine Mchewa. Ndinayenera kudzifunsa kuti m'dziko limene nkhwangwa sinasiye kanthu, mitengo iyi yatsala bwanji. Koma manda a mudziwo ndinali nditawaona kale, ali mbali ina, kuseri kwa msewu. Mu msitu uwu munalibe mitumbira, munalibe mtanda, munalibe ngakhale phale. Ndinati ndi msitu chabe.

Kalata ya malo anandilembera sekeretariyo, mlembi wa boma wa m'deralo, munthu wobwera ngati ine ndemwe, sankadziwa kanthu. Mwini tsala limene lili m'mphepete mwa msituwo anavomera kuti ndimangepo. Koma anakanda m'mutu, n'kunena kuti, "Kumanga mangani, mayi. Koma kodi mwachezako ndi a Nachisale?"

Ine ndinati, "A Nachisale ndi ndani? Ndi boma?"

Bambo uja anangoti, "Ayi, si boma." Inenso sindinafunsenso.

Nyumba inamangidwa. Amisiri ikakwana nthawi ya chakudya ankakhala padzuwa, mthunzi uli pomwepo. Ndinkawaseka. Ndinkati anthu akumudzi mumakonda kuvutika.

Ndiye ndinayamba kuyenda. Ndinagula masapatilya oyera ku Tete, nsapato zija za mpira. Kukangocha ndavala, ndalowa mumsitu. Munalibe njira, ndinaiponda ndekha ndi mapazi angawa. Kulowa uku, kuzungulira mkuyu waukulu, kutulukira kumtsinje, kubwereranso. Katatu. Mikono ndikuponya monga anandiphunzitsira namwino, mpweya ndikukoka mokweza, fuu, fuu. M'mawa uliwonse katatu.

Ndipo ndisakunamizeni, thupi linasintha. Miyendo inaphwa. Njuchi zija zinatuluka m'mutu. Ndinkagona tulo. Ndinkati ndapeza, ndapeza ndithu.

Koma munthu sankabwera.

Masiku oyamba amayi opita kudambo ankandifunsa chapatali, "Mukupita kuti, mayi?" Ine, "Ndikungoyenda." Iwo, "Kungoyenda? Opanda khasu, opanda ndowa?" Ine, "Ee, kungoyenda." Ankayang'anana. Kenaka anasiya kufunsa. Kenaka anasiya ndi moni womwe. Nyengo ya masuku ndinatola odzaza lichero mumsitu muja, n'kupita nawo pachitsime kuti ndigawireko anzanga. Onse anabisa manja kumbuyo. Mayi wina anakoka mwana wake ngati ndanyamula moto.

Ngakhale muno m'tchalitchi, ndikakhala pa benchi, benchi linkakula. Ena mwa inu muli pano. Musagwetse nkhope, sindikukunenani ayi. Ndikanakhala inu, nanenso ndikanasuntha.

Makina anga anachita dzimbiri. Palibe anabweretsa ngakhale kabudula wong'ambika. Palibe anabwera kudzapala moto, palibe anadzapempha mchere. Ine m'mtima ndinkati ndi nsanje, ndi umbuli, akuona nyumba ya malata. Koma madzulo ndikakhala pakhonde ndinkamva kutsidya anthu akuseka, akusinja, akuitana ana, ine ndikuyankhula ndi nkhuku. Ndinkasungulumwa, abale, mpaka chakudya chinkakanika kutsika. Armando akaimba telefoni ndinkati zonse zili bwino, anthu a kuno ndi okoma mtima. Ndinkaopa kuti akadziwa adzanditenga n'kukandibwezera m'kachipinda kaja. Ndipo ndinkadziwa kuti ndikabwerera m'menemo, ndatha.

Tsono mvula yoyamba inagwa, yamphamvu, masiku awiri. Tsiku lachitatu kunacha bwino. Ndinavala masapatilya anga. Telefoni ndinaisiya pa meza. Ndinazungulira kamodzi. Ndinazungulira kachiwiri. Kachitatu, pafupi ndi mkuyu uja, pansi panangoti fwaa! Nthaka inatitimira. Mwendo unalowa mpaka m'bondo, thupi linapita kutsogolo, ndinamva kuti thyo!

Mayo! Ululu umenewo sindingaufotokoze.

Ndinayesa kuzula mwendo, sizinatheke. Ndinakuwa. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse. "Thandizeni! Ndikufa ine!" Kudambo ndinkamva amayi akutunga madzi. Anasiya kutunga. Ndinakuwanso. Ndiye ndinamva zidebe zikugwa, mapazi akuthamanga. Osati kubwera kwa ine ayi. Kuthawa! Pamene ndinkakuwa kwambiri, m'pamene ankathamanga kwambiri.

Ndinatsala ndekha. Dzuwa linakwera. Nyerere zinandipeza. Kukhosi kunauma, kamtsinje kakulira pafupi pomwepo, ine osakafika. Shuga anayamba kundinjenjemeretsa. Ndinayang'ana mitengo ija, yokongola monga kale, mbalame zikuimba monga kale, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene ukanandipatsa dzanja. Ndinati ndifera pano, ndipo adzandidziwa ndi fungo.

Pamenepo ndinapemphera. Osati mapemphero anga aja a Dona Feliza, a mawu osankhidwa bwino. Ndinati, "Ambuye, ndinakupemphani mthunzi, munandipatsa. Ndinakupemphani pa zii, mwandipatsa mpaka pakwana. Tsopano ndikupempha munthu. Munthu mmodzi yekha, Ambuye. Aliyense."

Dzuwa litapendeka ndinamva masamba akuswa. Ndinaona mayi wamfupi, wa msinkhu wangawu, duku lakuda kumutu, nsapato atazigwira m'manja. Anafika pafupi, anagwada, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono. Sankaombera ine. Ankaombera pansi. Atatha m'pamene anandiyang'ana.

Anati, "Ine ndine Nachisale. Musagwedezeke."

Anafukula dothi ndi manja awo mpaka mwendo unatuluka. Anavula kapulana yawo, anandibereka kumsana. Ine ndi thupi langa lonseli! Ankapuma katatu, kanayi, koma sananditsitse mpaka titatuluka mumsitu. Anandikhazika pa udzu, anakatunga madzi ndi manja n'kundimwetsa. Kenaka anakhala pansi pambali panga, nkhope atalozetsa kumitengo.

Anati, "Pamene panalowa mwendo wanu paja pagona mayi anga."

Abale, ndinaiwala ululu wa mwendo.

Anati, "Mudzi wathu wakale unali pompano. Nthawi ya nkhondo amene analephera kuthawa anafa, tinawaika mmenemo, mothamanga, opanda mwambo, opanda mtumbira. Ife tinapita ku Malawi. Titabwerera tinakamanga kumsewu. Sitidziwa bwinobwino aliyense pamene anagona, ine ndimangodziwa pa mayi anga chifukwa cha mkuyu. Ndiye tinagwirizana kuti nkhwangwa isalowemo. Mitengoyo ndiye chizindikiro chathu. China tilibe."

Ndinati, "Nanga bwanji simunandiuze?"

Anati, "Nanga inu bwanji simunafunse? Tinkati mukudziwa. Munthu wamkulu, woyankhula Chichewa ngati ife, wasiya malo onse n'kudzamanga apa. M'mawa uliwonse akuzungulira akufa athu katatu, akuponya mikono, akuuzira mpweya. Kenaka akutola masuku a pamanda kudzapatsa ana athu. Inuyo mukanaganiza chiyani?"

Ndinangofunsa kuti, "Tsono mwabwereranji?"

Anati, "Amayi aja afika akuthamanga, ati kumsitu kukulira munthu. Amuna akhala akukambirana kuyambira m'mawa kuti alowemo ndani. Ine ndatopa nazo. Ndati ngati ndi mayi anga akulira, ndikamve chimene akufuna. Ngati ndi mayi wa nsapato zoyera uja, nayenso ndi mwana wa munthu."

Ndinalira, abale ndi alongo. Ndinalira ngati mwana. Chifukwa pali chinthu chimene sindinkauza anthu. Armando si woyamba kubadwa. Woyamba anali mtsikana, Tereza. Anamwalira ku Zambia asanayambe kuyenda. Tinamuika kumapeto kwa msasa, tinaikapo mwala umodzi. Sindinabwerereko. Mwina lero pali munda, mwina pali njira, mwina wina amapondapo m'mawa uliwonse osadziwa. Ine ndi amene ndinayenera kudziwa kuti manda a nkhondo sakhala ndi mtanda. Ine! Ndinawauza a Nachisale zimenezi pa udzu pomwepo. Anangondichotsa nyerere m'tsitsi.

Alongo awo, a Chisale, anabwera ndi ngolo. Ananditengera kuchipatala, mwendo anauika chikhakha. Potuluka a Nachisale anati, "Kwanu kuja mukaphika bwanji? Tiyeni kwathu." Ndinagona m'nyumba mwawo miyezi iwiri. Munthu amene ndinapondaponda mayi ake chaka chathunthu ndi amene ankanditengera madzi osamba.

Nditayamba kuima ndi ndodo, ndinatenga nkhuku ndi ufa, ndinayenda khomo ndi khomo kwa onse amene ali ndi abale mumsitu muja. Ndinagwada. Ndinati ndinalakwa, sindinafunse. Njira yanga ija ndinakaitseka ndi minga ndi manja angawa. Ndikudziwa kuti ena muno munadandaula, munati Nabanda wayamba zachikunja. Ayi, abale. Sindinapembedze akufa. Ndinapepesa amoyo. Ndipo Mulungu amene ndimamudziwa ine sanakwiye nazo.

Tsono Armando anamva. Anabwera ndi mota, nkhope ili gwa. Tinakhala pabwalo pa a Nachisale, iwo akusenda mtedza chapambali. Anati, "Mama, zakwana. Longedzani. Ngati Tete simukumufuna, ndikupezerani nyumba ku Chifunde pafupi ndi chipatala. Koma kuno ayi."

Ndinati, "Mwana wanga, ndikabwerera kokhala m'nyumba, undiika chaka chomwechino."

Anati, "Nanga kuno akuikani ndani? Mwaona nokha. Munakuwa tsiku lonse, anthu akuthawa. Mulibe m'bale kuno, mama. Mukadzamwalira adzakuikani ndani?"

Mwanayo sankanama. Mtima unagwa, ndinati basi, ndapita.

A Nachisale anaika lichero pansi. Anati, "Bambo, pepani ndilowerere. Funso limenelo tinaliyankha kale, mayi anuwa sitinawauze chabe. Tinakhala pansi pa ubale pathu. Malo omanga tawapatsa, apo, kuseri kwa nkhokwe yanga, pamene ndingamve akatsokomola. Malo enawo aliponso, kumanda kwathu kuseri kwa msewu, pafupi ndi pamene ndidzagone ine. Amene adzayambe kupita, mnzake adzamutseka maso."

Armando anayang'ana a Nachisale. Anayang'ana ine. Anavula chipewa. Kenaka anafunsa kuti, "Malata a nyumba ija tingasamutse liti?"

Aleluya! Abale, aleluya!

Lero ndikukhala pakati pa mudzi. Mthunzi ndi wochepa, ndi mtengo umodzi wa mango basi, ndipo phokoso lilipo, mbuzi, ana, matambala. Koma kuyenda ndikuyenda. M'mawa ndimapita kudimba ndi amayi anzanga, ndowa m'manja, njira yaitali yotsata mtsinje. Nyengo ya bowa timakwera phiri. Madzi akaphwa timakavuula nsomba m'maiwe, ine ndi mwendo wanga wotsimphinawu, matope mpaka m'chiuno, kuseka mpaka nthiti kuwawa. Makina ndinawatulutsa panja, ndimasokera pansi pa mango, ndipo ntchito ikundichulukira. Mapiritsi ndikumwabe, sindinataye, ndipo musamve kuti ndati mutaye anu. Koma kuchipatala akandiyeza amagwedeza mutu mokondwa. Mwendo umawawa kukazizira. Ndimauthokoza.

Inu amene mwatopa ndi tauni, amene mukufuna malo opumira, pitani, n'zabwino. Yang'anani mitengo, yang'anani madzi. Koma mukafika, khalani pansi, mufunse kuti kuno kunali ndani, ndipo kuli ndani.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ulemu lija. Ndikuthokoza inu amene munabwerera pa benchi langa. Ndikuthokoza mwana wanga amene anandilola kukhala.

Chotsiriza ndi ichi. A Nachisale sapemphera nafe. Amasunga za makolo awo, m'tchalitchi salowa, ndipo ine sindiwakakamiza. Koma lero atamva kuti ndikubwera wapansi, anati mtunda umenewo simuyenda nokha. Tanyamuka limodzi m'mawa. Ali panja apo, pansi pa mtengo, akundidikira kuti tibwerere. Ndinapempha munthu mmodzi, Ambuye anatumiza amenewo. Mukatuluka, ndapota nanu, lero lokha musawalalikire. Muwapatse moni ndi manja awiri, ndipo wina awapatseko madzi akumwa.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.